Kodi munthu akapuma pantchito ndiye kuti wayitana manda?

Funso: Ndine bambo wa zaka 62, ndimakhala ku Mufakose mumzinda wa Harare, ku Zimbabwe, ndipo ndagwira ntchito ya ulonda kwa zaka 27, zambiri mwa izo usiku, kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 6 koloko m'mawa, masiku 6 pa sabata. Ana anga akundiumiriza kuti ndipume chifukwa miyendo yayamba kutupa ndiponso ku kiliniki anandipeza ndi bipi. Ine ndikuopa, pakuti anzanga awiri amene anapuma sanathe zaka ziwiri, tinawaika m'manda. Makolo anga anachokera ku Dedza, ndipo kuno ndilibe munda woti ndikalime. Kodi n'zoona kuti munthu akaleka ntchito thupi limagwa?

Yankho: Bambo, mantha amene mwalembawa ndawamva kwa anthu ambiri m'zaka zimene ndakhala ndikupima thanzi la ogwira ntchito m'mafakitale a ku Workington, ku Southerton ndi ku Msasa, ndipo kawirikawiri amene amawanena ndi amuna akhama, amene moyo wawo wonse akhala akuyendera koloko ya kuntchito. Ndikuyankhani mosapsatira. Kupuma pakokha sikupha munthu, ndipo ntchito payokha simusunga munthu. Zimatengera kuti ntchitoyo ndi yotani, ndiponso kuti munthu akaituluka akukalowa m'moyo wotani. Pa ntchito yanuyi, ya maola 12 usiku uliwonse muli ndi bipi, ndikugwirizana ndi ana anu kuti simuyenera kuipitiriza mmene ililimu. Koma ngati kupuma kumene akunenako kukutanthauza kukhala pampando pakhonde n'kumadikira kuti nsima ipse, pamenepo ndisiyana nawo.

Tiyambe ndi anzanu awiriwo, popeza imfa zawo n'zimene zakugwetsani mphwayi. Takumbukirani bwino kuti anapuma chifukwa chiyani. Alonda, onyamula katundu ndi oyendetsa makina ambiri sachoka pantchito ali ndi mphamvu zawo. Amachoka thupi litayamba kale kukana, mpweya ukuchepa pokwera masitepe, maso akuchita chidima, kapena abwana ataona kuti munthuyo wayamba kujomba chifukwa cha kudwaladwala. Zikatero matenda ndiwo amene anayambitsa kupumako, koma pamaliro anthu amawerenga chammbuyo n'kumati penshoni ndiyo yamutenga. Kuthamanga kwa magazi ndiponso matenda a shuga zimatha kukhala m'thupi zaka khumi kapena kuposerapo popanda kumva kupweteka kulikonse, zikudya mitsempha, mtima ndi impso pang'onopang'ono ngati chiswe m'mtengo wa denga.

Ndikukumbukira bambo wina amene anabwera kudzapimidwa kutatsala miyezi iwiri kuti apume. Anakhala pansi monyadira, akupinda dzanja la ovolosi, n'kundiuza kuti pa zaka zonse zimene anagwira ntchito sanagonepo m'chipatala. Makina anawerenga 190/110. Ndinamupatsa mphindi khumi kuti apume, ndinabwereza mkono winawo, ndipo sizinasinthe kwenikweni. Pofufuza m'thumba kuti atulutse chitupa chake, munagwa timapepala ta mapiritsi a mutu, ndipo anavomera kuti m'mawa uliwonse ankadzuka mutu ukulemera cha kunkhongo. Munthu ameneyo akanagwa ndi sitiroko chaka chotsatira, anzake onse akanalumbira kuti kupuma n'kumene kwamupha. Palinso chinthu china chimene chimachitika kwambiri kuno: malipiro akaleka, ndalama yogulira mankhwala imalekanso, ndipo munthu amene ankamwa mapiritsi a bipi tsiku ndi tsiku amayamba kumwa modumphadumpha kuti akhalitse.

Akatswiri afufuza nkhaniyi kwa nthawi yaitali. Ku France anatsatira anthu oposa 14,000 ogwira ntchito ku kampani ya boma ya magetsi ndi gasi, kuwafunsa za thanzi lawo chaka ndi chaka asanapume ndiponso atapuma, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2009. Anapeza kuti anthu ambiri ankadzimva bwino atapuma, ngati kuti abwezeredwa zaka 8 mpaka 10, ndipo amene anapindula kwambiri ndi aja amene ntchito yawo inali yolemetsa, yapansi ndiponso yosawasangalatsa, pamene aja a ntchito zabwino kwambiri sanasinthe. Ku London, kafukufuku wa Whitehall amene anayamba mu 1967 pakati pa amuna pafupifupi 18,000 ogwira ntchito m'boma anasonyeza kuti a pansi penipeni, monga amithenga ndi olondera pakhomo, ankafa mowirikiza katatu poyerekeza ndi akuluakulu a m'maofesi. Michael Marmot ndi anzake atapitiriza kufufuzako kuyambira mu 1985, anaona kuti chimodzi mwa zinthu zimene zimadwalitsa mtima ndi kugwira ntchito imene munthu alibe ponena, yongolamulidwa basi. N'zoona kuti anthu a ku France amenewo anali ndi penshoni yodalirika imene ife tilibe, ndipo ndibwereranso ku mfundo imeneyi, koma thupi la munthu ndi limodzimodzi kulikonse.

Tsopano tiwerengere ntchito yanu. Maola 12 kwa masiku 6 ndi maola 72 pa sabata. Mu 2021 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO pamodzi ndi bungwe loona za ntchito la ILO linalengeza kuti anthu ogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata ali ndi chiopsezo cha sitiroko chokwera ndi 35 pa 100 alionse, ndiponso cha kufa ndi matenda a mitsempha ya mtima chokwera ndi 17 pa 100, poyerekeza ndi ogwira maola 35 mpaka 40. Inu mwapitirira malire amenewo ndi maola 17 sabata iliyonse, ndipo maola anuwo ndi ausiku. Thupi linapangidwa kuti usiku, munthu akagona, magazi atsike kuthamanga ndipo mtima upumeko. Mlonda amalimana thupi mpata umenewo. Ndipo tulo ta masana ku Mufakose timatidziwa tonse: wailesi ya oyandikana nawo, ana obwera kusukulu, wogulitsa mazira akufuula mumsewu, malata akutentha mu Okutobala. Munthu akagona maola anayi amati wagona. Onjezanipo tiyi wa shuga masupuni anayi ndi mabanzi pakati pa usiku kuti muthamangitse tulo, ndiponso mbaula ya makala m'kanyumba ka pageti mu Juni ndi Julayi, imene utsi wake wosaoneka umapha munthu ngati chitseko ndi zenera zatsekedwa. Mnyamata wa zaka 30 amapirira zonsezi chifukwa thupi lake limadzikonza msanga, koma pa zaka 62 ngongole yake imalipidwa ndi mtima ndi impso.

Mwina mwamva kuti kuyambira mu Januwale 2025 boma linakweza zaka zopumira pantchito za ogwira ntchito m'boma kuchoka pa 65 kufika pa 70, ndipo mukudzifunsa kuti nanga inu mupumirenji pa 62. Lamulo limenelo silikhudza kampani ya ulonda, ndiponso munthu wa pa desiki amene amagona kunyumba kwake usiku uliwonse sangafanizidwe ndi woima pageti mpaka tambala woyamba.

Kutupa kwa miyendoko musakuchepetse. Kungathe kuchokera ku kuima kapena kukhala malo amodzi nthawi yaitali, kungathenso kuchokera ku mankhwala ena a bipi monga amlodipine ndi nifedipine, amene amatupitsa akakolo mwa anthu ena, koma nthawi zina ndi chizindikiro chakuti mtima wayamba kufooka kapena impso sizikusefa bwino. Dinani ndi chala pamwamba pa kakolo kwa kanthawi. Pakatsala kadzenje, kapena ngati mumabanika mukagona chagada mpaka kufuna mapilo awiri kapena atatu, pitani ku kiliniki sabata ino ndithu. Pemphani kuti akupimeni shuga, mkodzo ndi magazi oonera impso, ndipo akaona kuti mtima ukufunika kuunikidwa adzakulemberani kalata ya ku Sally Mugabe Central Hospital kapena ku Parirenyatwa. Bipi imatchedwa yokwera ikamafika 140/90 kapena kupitirira pa masiku osiyanasiyana, ndipo mankhwala ake samwa ngati a malungo oti ukapeza bwino n'kusiya, amamwa moyo wonse. Mchere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, amene ndi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera pamodzi ndi wa mu kapenta, mu soseji ndi mu timapaketi tokometsera ndiwo. A m'nyumba mwanu adziwenso kuti pakamwa pakapotoka, mkono ukafooka mwadzidzidzi kapena mawu akayamba kutuluka movuta, imeneyo si nthawi yofunsira kwa asing'anga kapena yodikira kuti kuche, koma yothamangira kuchipatala.

Komabe mantha anu ali ndi choonadi chake, ndipo apa ndi pamene ana anu ayenera kumvetsera. Ntchito simangopatsa munthu malipiro. Imamudzutsa pa nthawi yake, imamusambitsa ndi kumuveka yunifolomu yosita, imamuyendetsa wapansi kukakwera kombi ndi kuzungulira mpanda kangapo usiku uliwonse, imamupatsa anzake ochezera nawo, ndipo imamupatsa dzina, moti akamadutsa mumsewu anthu amadziwa kuti bambo awa akupita kuntchito. Zonsezi zimatha tsiku limodzi. Lolemba loyamba munthu amasangalala kugona mpaka dzuwa litakwera, koma ikatha miyezi itatu mumamupeza pampando womwewo, atavala malaya a dzulo, akukangana ndi adzukulu pa nkhani ya wailesi yakanema. Minofu ya munthu imayamba kuchepa pang'onopang'ono akapitirira zaka 30, kuchepako kumafulumira akapitirira zaka 60, ndipo palibe chimene chimakufulumizitsa ngati kukhala pansi tsiku lonse. Miyendo ikafooka munthu amaopa kugwa, akaopa kugwa amaleka kuyenda, ndipo akaleka kuyenda shuga ndi bipi zimakwera. Kugwa kwa thupi kumene mukunenako kumayenda motero, ndipo n'kotheka kukupewa.

WHO imalangiza kuti munthu wamkulu aziyendetsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata mwa mlingo woti mtima ugunde mofulumirirapo koma akutha kulankhula, ndiponso kuti masiku awiri pa sabata azichita zolimbitsa minofu. Zimenezi sizifuna nsapato zodula. Kuyenda ndawala kwa theka la ola m'mawa uliwonse, kukankha wilibala ya zigubu pochokera ku mjigo, kutipula kadimba ka repu ndi kovo kuseri kwa nyumba, kapena kungonyamuka pampando n'kukhalanso kakhumi osagwira ndi manja, zonsezi zimawerengedwa. Ana amene amalanda bambo wawo khasu ndi chidebe pofuna kuwalemekeza amakhala akuwafooketsa mosadziwa.

Mwatchula za munda, ndipo ndikudziwa kulemera kwa mawu amenewo pakati pa ife amene makolo athu anabwera kuno kuchokera ku Nyasaland, ambiri m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland cha 1953 mpaka 1963, kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu. Mnzanu wa Chishona akapuma amalongedza katundu n'kupita kumudzi kwawo kumene kuli ng'ombe ndi manda a makolo ake, pamene ife mudzi wathu ndi Mufakose, Mbare, Highfield, Mabvuku kapena Dzivarasekwa. Ena akafika msinkhu wanu amaganiza zokwera basi kudzera pa Nyamapanda ndi ku Tete n'kukathera moyo wawo ku Dedza. Sindiletsa munthu kukaona kwawo, koma ndawaona angapo amene anagulitsa nyumba n'kupita, kenaka n'kubwerera patatha chaka ali opanda kanthu. Kwa Achewa malo amayenda kuchikazi, choncho munda ungapezeke kumbumba ya amayi anu ngati eni mbumba akukudziwani ndipo malowo sanagawidwe kale, zomwe n'zovuta m'dera lothithikana anthu. Munthu amene wabadwira m'tauni n'kuyamba ulimi wa khasu pa zaka 62, ali ndi bipi, kutali ndi ana ake, mpingo wake ndi kiliniki imene ili ndi khadi lake, amakhala wataya zinthu zimene zikanamusunga. Ngati mtima ukukukokani, pitani mukakhale miyezi iwiri kapena itatu, nthawi ya dzinja osati ya zokolola yokha, nyumba ya ku Mufakose ili chikhalire m'dzina lanu.

Za ndalama ndiyenera kuzinena ngakhale ndine wa zachipatala, chifukwa nkhawa ya chakudya cha mawa imakweza bipi kuposa mchere. Tonse tikukumbukira mmene kugwa kwa ndalama mu 2008 ndi kusintha kupita ku dola ya ku America mu 2009 kunafafanizira penshoni za anthu amene anasonkha moyo wawo wonse, mpaka boma linakhazikitsa komiti yofufuza mu 2015 motsogozedwa ndi Justice George Smith. Choncho munthu wa ku Harare akamaopa kupuma sakulota. Penshoni ya NSSA, bungwe la boma loyendetsa penshoni za ogwira ntchito, inayamba mu Okutobala 1994, ndipo munthu amene wasonkha miyezi 120 kapena kuposerapo amalandira mwezi ndi mwezi akakwanitsa zaka 60 ndipo wapuma, kapena akakwanitsa 65 ngakhale akugwirabe ntchito. Wosonkha miyezi yochepera pamenepo, koma yosachepera 12, amalandira ndalama ya kamodzi. Zaka zanu 27 n'zokwanira ngati makampani onse amene munawagwirira ntchito ankaperekadi zimene ankakudulani, ndipo pa ntchito ya ulonda, pamene munthu amasinthasintha makampani, mipata imapezeka kawirikawiri. Pitani ku ofesi yawo mukadali pantchito, mutatenga chitupa ndi mapepala a malipiro amene munasunga, mukaone zimene zinalembedwa pa nambala yanu. Onetsetsaninso kuti dzina ndi tsiku lobadwa n'zofanana pa mapepala onse, popeza mayina athu ankalembedwa mosiyanasiyana ndi makalaliki a m'mafamu. Ngati chitupa chanu chikadali chakale chosonyeza kuti ndinu mlendo, dziwani kuti malamulo aakulu a dziko a 2013 amati munthu wobadwira kuno malamulowo asanayambe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC ndipo iye ankakhala kuno pamene malamulowo ankayamba, ndi nzika mwa kubadwa.

Ndalama ya NSSA ndi yochepa, sitinganamizane, ndipo singakwanire chakudya, magetsi ndi mankhwala. N'chifukwa chake ana amene akuti mupume ayenera kukhala nanu pansi n'kunena momveka kuti aliyense azipereka zingati ndiponso ndani azigula mapiritsi mwezi uliwonse. Mawu akuti "tidzakusamalani" ndi okoma, koma sagula mankhwala ku famase. Kampani ikakupatsani kandalama ka kamodzi, musakathire konse mu bizinesi imene simunaichitepo chifukwa choti mlamu wanu wakuuzani kuti kombi imalemeretsa. Chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere.

Chinthu china chimene amuna a msinkhu wanu sakonda kuchitchula ndi kusungulumwa. Akazi athu ali ndi a mvano, magulu osonkherana ndalama ndi anzawo a kumsika, pamene mwamuna amene wagwira usiku zaka zambiri amapezeka kuti ngakhale m'dera lake lomwe ndi mlendo, popeza ankagona ena ali maso. Akapuma, malo okhawo amene amamulandira popanda mafunso ndi pa mowa, ndipo masese a tsiku ndi tsiku pamwamba pa bipi ndi njira yachidule ya ku sitiroko. Maganizo akachuluka, tulo tikasowa, chakudya chikaleka kukoma ndipo munthu akayamba kudziona ngati katundu wolemetsa ana, amenewo ndi matenda ndithu, amene anzathu a Chishona amawatchula kuti kufungisisa, ndipo amachizika. Kuno komwe ku Mbare, mu 2006, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pamene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi kunja kwa kiliniki n'kumamvetsera ndi kuthandiza munthu kumasula mavuto ake limodzi ndi limodzi. Kafukufuku amene anachitika m'makiliniki 24 a mu Harare, wofalitsidwa mu 2016, anapeza kuti patatha miyezi 6, mwa anthu amene anakhala pa benchipo pafupifupi 14 pa 100 ndiwo anali akadali ndi zizindikiro za matendawa, poyerekeza ndi pafupifupi 50 pa 100 mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Chimene chimandigwira mtima pa nkhani imeneyi n'chakuti ochiritsawo ndi okalamba, anthu amene ena akanati ntchito yawo inatha. Inunso mpingo wanu, bungwe lanu la maliro ndi achinyamata a mumsewu wanu akufuna munthu wosunga nthawi, wodziwa kusunga makiyi ndi kaundula, ndipo zaka 27 za pageti zinakuphunzitsani zimenezo. Ngati makutu ayamba kugontha kapena maso kuchita nkhungu, kapimitseni, pakuti okalamba ambiri amadzipatula pa gulu chifukwa chongochita manyazi kufunsa kawiri zimene wina wanena, ndipo ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi.

Uphungu wanga ndi wakuti musadumphe kuchoka pa maola 72 kufika pa ziro. Pemphani dokotala kapena namwino amene amakuonani akulembereni kalata yonena kuti chifukwa cha bipi mukuyenera kugwira masana, ndipo mupite nayo kwa abwana anu musanalankhule za kupuma. Makampani ambiri a ulonda ali ndi malo a masana pa masukulu, pa mashopu ndi pa maofesi, ndipo mlonda wokhulupirika wa zaka zambiri samutaya mwachisawawa. Akavomera, gwirani masana kwa miyezi 6 kapena chaka, masiku ochepererapo ngati n'kotheka, uku mukukonza mapepala a NSSA, mukuzolowetsa thupi kugona usiku, ndipo mukuyamba kale zimene mudzachite mukapuma, kaya ndi kadimba, nkhuku zochepa, kukonza njinga kapena udindo wa kumpingo. Dziwani kuti thupi limene lazolowera kukhala maso usiku limatenga milungu ingapo kuti litembenuke, choncho musadabwe mukamadzuka 2 koloko usiku maso ali gwa; tulukani padzuwa m'mawa uliwonse, pewani kugona nthawi yaitali masana, ndipo tiyi amalizike dzuwa lisanapendeke.

Akakana kukusinthani, ndipo bipi ikapitiriza kukhala pamwamba pa 140/90 ngakhale mukumwa mankhwala mokhulupirika, pamenepo ndinganene kuti mupume ndithu chaka chino, mutagwirizana kale ndi ana za ndalama ya mankhwala. Mayi a kunyumba akhalepo pa zokambiranazo, chifukwa iwonso azolowera kuyendetsa nyumba okha masana onse inu muli mtulo, ndipo mwamuna wopuma amene wayamba kuwerenga machesi ndi mafuta ophikira amadwalitsa mkazi wake. Mukapita ku kiliniki sabata ino, tengani mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale ogula pa msika ndi azitsamba omwe, ndipo mupemphe kuti manambala a bipi azilembedwa m'kabuku kanu ulendo uliwonse, kuti podzasankha tsiku lotula yunifolomu mudzakhale mukuyang'ana manambala a miyezi itatu.